Zimene Apongozi Anaona Pawindo

Nelia atazungulira kachitatu n'kutsegula maso, anapeza kuti pawindo pali nkhope. Katani inali itakankhidwira pambali ndi nsonga ya ndodo, ndipo diso limodzi linali litamuyang'anitsitsa osaphethira. Linali diso la apongozi ake, a NyaShaba, lomwe lija madokotala analichotsa ng'ala sabata yatha. Zaka zitatu diso limeneli linkangoona utsi wokhawokha, ndiye taonani zimene linasankha kuyamba kuona bwinobwino.

Chiuno chinaima chokha. Zitsekero za mabotolo zimene zinali pa lamba wa m'chiuno mwake zinalirako pang'ono, kenako zii. Nelia anazula tizingwe ta foni m'makutu. Anafuna kutsitsa bulauzi kuti abise mimba, koma bulauziyo anali ataimanga mfundo pansi pa mabere, ndipo zala zinkangoterereka ndi thukuta.

"Amama, mwabwerako kale kuchipatala?" anafunsa.

Katani inabwerera m'malo mwake, ndipo anangomva ndodo ikugogoda pansi kulowera kukhonde.

Nelia anakhala pabedi. Anali mayi wa ana anayi, wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mphunzitsi wa Sitandade 3 pasukulu ina pa Mzimba Boma. Pamaliro ndi pa mgonero ankavala yunifolomu yoyera ya amayi akutchalitchi, ndipo pemphero lake ankalidziwa ndi ogontha omwe. Kwawo kunali ku Dedza, koma chikwatiwire kwa Zondwayo Thole wa ku Edingeni, ng'ombe zisanu zitaperekedwa, anasiya kukhala Nabanda n'kukhala NyaBanda. Anaphunzira kugwada patali, kufunda kumutu, ndi kusaonetsa ngakhale phewa pamaso pa akuchimuna. Zaka makumi awiri ndi zinayi sanalakwitsepo. Lero apongozi anali ataona mchombo wake ukuvina.

Zovinazi zinayamba miyezi isanu m'mbuyomo. Cathy, nesi wochokera ku Zomba, atamuyeza kuthamanga kwa magazi anapukusa mutu n'kumuuza kuti azibwera kunyumba kwake Lachiwiri lililonse masana kudzatulutsa thukuta. Nelia ankaganiza kuti akadumpha chingwe. Anakapeza amayi asanu ndi anayi atatseka zitseko, mimba zili pamtunda, akuphunzira gule wa mimba ndi chiuno amene Cathy anamuonera pa foni. Ankamutcha gule wa Aluya. Munali onenepa, munali owonda, munali mtsikana wa zaka makumi awiri, munalinso Felesta wogulitsa tomato pamsika, wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, yemwe ankasoka malamba a zitsekero aja. Lamulo linali limodzi lokha, loti za m'nyumba imeneyo sizituluka kunja.

Nelia anamasula lamba, naubisa pansi pa matiresi, nafunda zitenje ziwiri ngakhale kunali kotentha. Anatuluka ngati mwana wopita ku ofesi ya ahedi, nagwada kumapeto kwa mphasa. Ankadikira mawu olasa. Ankadikira kuti auzidwe kuti ng'ombe zisanu zija zinapita pachabe.

Koma a NyaShaba ankalira.

"Sendera kuno, mwana wane," anatero. Anamugwira dzanja, namukhudza pachipumi, namuyang'ana m'maso ndi diso lawo latsopano lija. "Chiuta wane. Ndipo wakhala ukubisa wekhawekha, osauza munthu."

"Amama, pepani, ine..."

"Upepese vichi? Wodwala amapepesa? Ni vimbuza ivi, NyaBanda. Zakugwira."

Vimbuza Nelia ankazidziwa monga aliyense wokhala ku Mzimba amazidziwira, mizimu yachilendo imene imalowa munthu, ndipo simusiya mpaka amuimbire ng'oma kwa nchimi, sing'anga wa mizimu, avine, inene chimene ikufuna.

"Ayi amama, sindikudwala ine."

"Onse amatero." Gogoyo anayamba kupinda zala. "Ndakuitana katatu, pawindo pomwepo, mokuwa. Sunamve. Maso unatseka. Thupi lonse likunjenjemera, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa, mutu uli phee. Munthu wabwinobwino angathe zimenezo? Mbwenu unkaimba. Chinali chiyankhulo chanji chija? Chitumbuka yayi, Chichewa yayi, Chingoni yayi, Chizungu yayi. Uchidziwa iwe?"

"Sindichidziwa," anavomera Nelia, poti zinali zoona. Nyimbo za Aluyazo ankangotsatira m'mene zikumvekera.

"Waona? Si iwe unkaimba. Nanga mangenjeza aja m'chiuno, olira ngati a ovina vimbuza, anakupatsa ndani?"

Dzina la Felesta linafika pamilomo, Nelia nalimeza. Akatchula Felesta, atchula Cathy. Akatchula Cathy, atchula onse, ndipo mwa onsewo munali mkazi wa abusa ndi wapolisi mmodzi. Anangowerama, ndipo kuweramako apongozi anakumva ngati yankho.

"Tenga foni, umuimbire mwamuna wako. Ine manambala sindiwatha."

Motero Nelia ndi zala zake zomwe anaimbira Zondwayo, yemwe ankagwira ntchito pamakina ocheka matabwa ku Luwawa n'kumabwera kunyumba Loweruka lokha. Anapereka foni kwa apongozi n'kumamvera akukonza zonse mu Chitumbuka chothamanga. Loweruka m'mawa Enos, msuweni wa Zondwayo, abwera ndi pikapu yake. Apita onse ku Edingeni. Nchimi wa kutsidya kwa dambo auzidwiretu, ang'oma akonzeke, nkhuku yoyera ipezeke. Limeneli linali Lachinayi.

Lachisanu Nelia anaphunzitsa ngati munthu wobwereka mutu. Analemba deti lolakwika pabolodi, ana n'kumukonza. Ataweruka sanapite kunyumba. Anadutsa pamsika, nakodola Felesta, ndipo awiriwo anakagogoda kwa Cathy yemwe anali atangobwera kumene kuntchito.

Felesta atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira khoma.

"Vimbuza! Lamba wanga wa zitsekero wasanduka mangenjeza! Ayi ndithu, ndikweze mtengo."

"Musaseke, a Felesta. Mawa m'mawa akunditenga."

"Ndiye pitani! Chiuno muli nacho, si ife takuphunzitsani? Mukavine usiku umodzi, mukagwe pansi pang'ono, mbwenu mubwereko mutachira. Apongozi asangalala, abambo asangalala, nchimi adya nkhuku yake."

"Ndikangoponda pakhomo pa nchimi, Lamulungu lisanafike nkhani yafika kutchalitchi. Yunifolomu andivula pamaso pa anthu. Makolo a ana anga kusukulu azidzati aphunzitsi aja ali ndi mizimu." Nelia anatsitsa mawu. "Komanso ndikuopa, a Felesta. Ng'oma zija ndinazimvapo kumudzi. Zimalowa m'mimba. Nanga zikakandigwiradi? Nanga akakati ndimwe magazi a nkhuku, ndikakana bwanji pakati pa abale a amuna anga?"

Kuseka kwa Felesta kunathera panjira. Cathy anapita kukatseka windo.

"Ndiye mukufuna kuulula?" anafunsa.

"Ndikaulula, ndine mkamwana wovina mimba ili pamtunda. Kwa a Thole zimenezo n'zoposa kuba. Kutchalitchi nakonso sakandisiya. Kulikonse kumene ndingalowere, yunifolomu ikupita."

"Ine ndine wobwera, amayi," anatero Cathy pang'onopang'ono. "Zikavuta andisamutsa, ndipita. Koma mayi abusa aja akamveka, banja lawo latha. Wapolisi uja amuna ake mukuwadziwa dzanja lawo. Ngati munena, nenani zanu zokha. Dzina la munthu wina lisatuluke."

"Kapena mungosiya," anawonjezera Felesta, koma osamuyang'ana. "Muwotche lamba, munene kuti munalota zoipa, mwapemphera, zatha."

Felesta anamuyang'ana tsopano, nausa moyo.

"Ayi, ndanama. Ndikukumbuka tsiku munabwera koyamba. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inu mutavala juzi. Munakhala pakona apo milungu itatu, manja mutafungatira mimba ngati mwaba nkhuku. Tsiku limene munavula juzi lija, tonse tinaimba nthungululu, inu n'kulira. Ndikuuzeni kuti mubwerere mujuzi? Pakamwa panga pakana."

Zinali zoona. Kwa zaka zambiri Nelia ankasamba mothamanga, osadziyang'ana. Galasi la pawadiropu analiphimba ndi kalendala. Thupi lake ankalinyamula ngati katundu wa munthu wina amene anamusungitsa n'kuiwala kudzatenga. M'nyumba ya Cathy ndi m'mene anaphunzira kuti mimba yaikulu imagwedezeka mokoma kuposa yaing'ono, mpaka atsikana owonda aja ankamuchitira kaduka. Kuthamanga kwa magazi kunatsika, inde, koma chimene ankapitirako sichinali chimenecho.

Anatuluka kwa Cathy wopanda yankho, mantha atangowonjezeka.

Kunyumba anapeza apongozi akusenda nyemba pakhonde, maso ali kumsewu.

"Wachedwa. Mtima wanga unali m'mwamba, ndimati zakugwetsa panjira."

Nelia anagwada n'kuyamba kuthandiza kusenda. Dzuwa linali litapendeka.

"Ukumukumbuka Nesta?" anafunsa a NyaShaba.

Nelia ankamukumbuka. Nesta anali mlamu wake, chitsiriza cha a NyaShaba, yemwe anamwalira Yona, mwana woyamba wa Nelia, ali wakhanda.

"Iwe unali kuno ku Boma ndi mwana wamng'ono, sunaone m'mene zinayambira. Anayamba chimodzimodzi, kudzitsekera m'nyumba masana. Ukamuitana, osamva. Ine ndinati tipite naye kwa nchimi. Zondwayo anakana. Anati amama, ife ndife Akhristu, za ng'oma yayi, tipite kuchipatala. Ndinamumvera poti ndi mwamuna, ndiponso wopita kusukulu. Kuchipatala anati sakuona matenda. Miyezi inayi, mbwenu tinaika." Gogoyo anapukuta diso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonsezi ndimadzifunsa kuti chikhala ndinaumirira. Sono iwe, NyaBanda, unandisunga ine maso atafa. Unanditsogolera kuchimbudzi ngati mwana. Ndikutaye ndikuona? Ndapota, usakane mawa."

Mkwiyo Nelia akanautha, munthu amagwada n'kupepesa, mkwiyo n'kuphwa. Koma chikondi chochita mantha chotere analibe nacho pothawira. Anazindikiranso kuti Zondwayo, yemwe ankamudalira kuti akana za nchimi, sangakanenso kachiwiri.

Loweruka pikapu ya Enos inafika mame asanaume. Zondwayo anatsika, utuchi wa paini udakali m'mphepete mwa chipewa chake. Anali munthu wa nthabwala, wolowa m'nyumba akufuula kuti wamva fungo la ndiwo ali ku Luwawa. Tsiku limeneli anaima pageti n'kumamuyang'ana mkazi wake chapatali, monga muja timayang'anira galu wa eni ake tisanadziwe ngati amaluma.

"Wadzuka bwanji, NyaBanda?"

"Ndadzuka bwino, bambo a Yona."

"Mutu? Sukumva kalikonse?"

"Ndili bwino."

Zondwayo anayang'ana amayi ake, amayi ake napukusa mutu, ngati akuti si ndinakuuza. Chikwama cha Nelia chinali chitalongedzedwa kale, a NyaShaba anachita kuimirira pomwepo akulongedza. Enos anachiponya kumbuyo, natsegula chitseko cha kutsogolo.

"Alamu akhale pakati," anatero. "Mwina zingawayambe panjira, angadumphe."

Nelia anayenda mpaka pagalimoto. Anagwira chitseko, chitsulo chili chozizira. Anaona mpando umene anamukonzera, pakati pa Enos ndi apongozi, ndipo m'maganizo mwake anaona msewu wonse wafumbi wa ku Edingeni, anthu atadzaza bwalo, ng'oma zitatu zikuwambidwa pamoto. Mwendo unakana kukwera.

"Amama," anatero, mawu ali ang'onoang'ono. "Ndikupempha tilowe m'nyumba, inu ndi ine. Pali za amayi zokhazokha."

Amuna akamva mawu amenewo safunsa. Zondwayo anakhala pakhonde, Enos natsegula boneti n'kumayang'ana injini yopanda vuto.

Kuchipinda Nelia anakhazika apongozi pampando, nagwada, natulutsa lamba pansi pa matiresi. Anawaonetsa tizingwe ta foni, nawaika kamodzi m'khutu. Gogoyo anadzidzimuka atamva ng'oma ndi zitoliro zikulira m'mutu mwawo, nakazula msanga.

"N'chifukwa chake sindinamve mutandiitana. Nyimbo zake ndi zimenezi, za Aluya. Ndi gule, amama. Ndimachita kuphunzira, ndi amayi anzanga, zitseko zotseka. Palibe mwamuna amaona."

"Amayi ake ati?"

"Amenewo sindingawatchule."

A NyaShaba anatembenuza lamba uja m'manja. Anagwira chitsekero chimodzi, nachiyandikitsa ku diso labwino lija.

"Mizimu ndi yochenjera chomene," anatero potsiriza. "Imamuphunzitsa munthu bodza kuti asapite kung'oma. Koma chinthu chimodzi nkhumanya. Wavimbuza akayamba, sasiya pofuna iye. Vala. Uvine monga unkavinira tsiku lija. Ndikagogoda ndodo, uime."

"Pamaso panu, amama?"

"Si ndinaona kale?"

Kuonedwa mwangozi ndi kwina, kudzivula wekha ndi kwinanso. Nelia anaimirira. Anachotsa chitenje chapamwamba. Anakweza bulauzi n'kuimanga mfundo. Anamanga lamba, natsegula nyimbo pa foni motsitsa kwambiri kuti isamveke kukhonde. Poyamba thupi linali gwa ngati chitsa. Ankamva mpweya wozizira pamimba, ankamva diso lija likuyenda pa iye. Kenako ng'oma ya m'nyimbomo inasintha, chiuno chakumanja chinadzigwetsa chokha, chakumanzere n'kuyankha, zitsekero zinayamba kulira.

Go! Ndodo inagunda simenti. Nelia anaima nji.

"Yambanso."

Anayambanso. Ulendo uno anatulutsa kunjenjemera kuja, koyambira m'mawondo n'kukwera mpaka mimba yonse ikuchita mafunde.

Go! Anaima.

Anayesedwa kanayi. Kachinayiko gogoyo anagogoda atangoyamba kumene, ngati ofuna kumukola, koma zitsekero zinakhala chete nthawi yomweyo. Nelia anazimitsa foni. M'chipindamo munangotsala kupuma kwake.

"Sendera," anatero a NyaShaba.

Anayang'ana mimba ija pafupi, mizere yake yotuwa, mapindi ake, ndi chipsera chachitali chotsika kuchokera pamchombo. Anatambasula chala n'kuchikhudza.

"Ichi n'cha Yona?"

"Cha Yona ndi Philomena. Anang'amba pamodzimodzi kawiri. Enawo anabwera okha."

"Sindinadziwe kuti chinali chachikulu chonchi." Chala chinachoka. Nelia anaganiza kuti mwina zatha bwino, koma atakweza maso anapeza nkhope ya apongozi itauma.

"Ulibe vimbuza," anatero gogoyo. "Ndipo bola ukanakhala nazo."

"Amama?"

"Vimbuza ndi matenda. Zimamugwira munthu osafuna. Wodwala alibe mlandu, timamumvera chisoni, timamuimbira m'manja. Koma izi wachita kusankha wekha, mayi wa ana anayi, mkamwana wa kwa Thole. Ine ndalira masiku awiri, tulo osaona, ndauza mudzi wonse, kulirira munthu amene akusewera." Anapuma mwamphamvu, kenako anatsitsa mawu. "Tamvera sono. Fundira. Tituluke, ndikawauze anyamatawa kuti zakusiyako, tidikire kaye mwezi. Kumudzi ndikanena chimodzimodzi. Kwa nchimi supita, kutchalitchi sakukhudza, mwamuna wako sadziwa kanthu. Anthu azingoti NyaBanda anadwalapo pang'ono. Lambayu tiponye m'chimbudzi lero lomwe, mbwenu nkhani yafera muno."

Inali njira yabwino, yoperekedwa ndi mtima wabwino, ndipo Nelia anaiona kuti ndi yotakasuka. Yunifolomu ikanatsala, ulemu ukanatsala. Akanangovomera kukhala mayi amene anadwalapo mizimu, womuyang'ana chapatali, womukhazika pakati pagalimoto kuti angadumphe. Ndipo Lachiwiri lililonse masana akanamakhala pakhonde, atafunda zitenje ziwiri. Mantha anali asanachoke. Koma thupi linali lidakali lofunda ndi gule uja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachinayi ankapuma mpweya wofika pansi.

Anamasula mfundo ya bulauzi, nafunda chitenje bwinobwino monga mwa masiku onse. Lamba sanavule.

"Zikomo, amama. Mwandichitira chifundo. Koma sindinadwale."

"NyaBanda!"

Anatsegula chitseko. Kuchokera kuchipinda kukafika kukhonde panali mapazi khumi okha, ndipo phazi lililonse zitsekero zinkalira pansi pa chitenje. Zondwayo anaimirira atamva kulirako, nkhope itachita mantha. Enos anasuzumira kuseri kwa boneti. Nelia anagwada pamalo pake pa nthawi zonse, chapatali pang'ono.

"Bambo a Yona, pepani kuti mwavutika ulendo. Sindikudwala. Ndimavina. Ndakhala ndikuphunzira miyezi isanu, gule wa chiuno ndi mimba, ndi amayi anzanga. Amama andiyesa, aona okha kuti si vimbuza." Anakweza maso. "Ndipo Lachiwiri ndipitanso."

Mutu wa Enos unabwerera mu injini mwachangu. Zondwayo anayang'ana amayi ake amene anali atatulukira pakhomo.

"Amama, n'zoona?"

"Mufunse mkazi wako. Ine diso langa laona zokwanira." A NyaShaba analoza pikapu ndi ndodo. "Enos, tsitsa chikwama icho, ukweze changa. Ndikupita kwathu."

"Amama, kuchipatala anati mubwerenso Lachitatu adzaone diso," anatero Nelia.

"Lidzaonedwa ndi ena."

Analongedza okha, osalola kuthandizidwa. Pokwera galimoto Nelia anatambasula dzanja kuti awagwirize monga ankachitira zaka zitatu zonse zija, koma gogoyo anagwira chitseko. Atakhala pampando anayang'ana kutsogolo.

"Anthu adzaza kale kumudzi. Nkhuku yagulidwa. Ndikawauze vichi?"

"Mukawauze kuti ndili bwino, amama."

"Zimenezo ndiye zovuta kunena," anatero a NyaShaba. "Tiye, Enos."

Pikapu inatuluka pageti n'kusiya fumbi. Nelia anadziwa kuti pofika madzulo nkhani idzakhala itazungulira Edingeni, ndipo pofika mawa idzakhala itabwerera ku Boma kudzamudikira pakhomo la tchalitchi. Anakhala pansi pakhonde pomwepo.

Zondwayo anakhala pampando, navula chipewa, n'kumachotsa utuchi kamodzikamodzi. Anthu awiri odutsa mumsewu anapereka moni, iye osawamva.

"Masiku awiri sindinadye," anatero kenako. "Dzulo pang'ono n'kadadula chala pamakina. Ndimangoona Nesta."

"Pepani."

"Amakuona ndani kumeneko?"

"Amayi okhaokha."

"Ndi mimba pamtunda?"

"Eya."

"Ndiye lero amama aionanso." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Amayi a m'tauni muno amaiona. Amama aiona. Ine mwini nyumba ndatha zaka zisanu ndi zitatu osaiona. Ukamavula umazimitsa nyali, ukamasamba umakhoma chitseko. Ndinkati kapena ndi ukalamba, kapena ndi mapemphero. Ndinakulakwira chiyani, NyaBanda?"

Nelia sanaganize kuti funso limeneli lingabwere lero. Yankho lake analisunga nthawi yaitali moti linatuluka lokha, mopanda mkwiyo.

"Tsiku lomaliza kuiona, tinkakonzeka kupita ku ukwati wa Enos. Diresi linakana kutseka. Munaseka, munati ndikuoneka ngati belo la fodya limene alimi amanga mothamanga. Munakabwerezanso pagalimoto, anthu onse n'kuseka."

Zondwayo anasiya chipewa. Anakwinya nkhope, akufufuza m'mutu mwake moona mtima, uku ndi uku.

"Ine ndinanena zimenezo?"

Nelia anamuyang'anitsitsa mwamuna wake, ndipo anaona kuti sakunama. Anali ataiwaladi.